Chingerezi cha m'buku chilipo, nanga cha pakamwa?

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka timamva nthungululu m'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota. Ana athu akukhoza, Alhamdulillah, ndipo ena mwa iwo akumapeza malo m'makoleji ndi m'mayunivesite a kunja kwa dziko lino. Koma kalata yowaitana ija nthawi zambiri imabwera ndi kamzere kena pansi penipeni, konena kuti wophunzirayo atumize umboni wakuti amadziwa Chingerezi. Kholo limadabwa kuti umboni wanjinso, pamene satifiketi ya MSCE ili m'manja ndipo Chingerezicho mwana adakhoza bwino lomwe. Sukulu zina za kunja zimakhutiradi ndi MSCE, koma zina zimafuna mayeso apadera, ndipo m'mayeso amenewo muli gawo limene mwana wathu sadakumanepo nalo chiyambire Sitandade 1. Gawolo ndi lakuti akhale pansi ndi munthu wachilendo n'kucheza naye m'Chingerezi kwa mphindi 11 mpaka 14, makina ojambula mawu akumvetsera.

Mphindi zimenezi n'zochepa, nsima ya banja lalikulu singapse n'komwe. Komatu zingathe kutsekereza mwana amene makolo ake adagulitsa mbuzi, mpunga ndi usipa kwa zaka 12 kuti aphunzire. Ndalama zolembetsera mayesowa n'zambiri, ndipo pamwamba pake pali ulendo wa kumzinda, malo ogona ndi chakudya. Mwana akalephera kufika pa malikisi amene sukulu ikufuna, ndalamazo zalowa m'madzi, mwinanso malo ake apatsidwa kwa wina. N'chifukwa chake taona kuti nkhaniyi isasiyidwe kwa aphunzitsi okha, koma ifike pakhonde pomwe banja limakhala likatha kuswali Isha.

Mayeso odziwika kwambiri a mtundu umenewu amatchedwa IELTS. Adayamba m'chaka cha 1989 ndipo amayendetsedwa ndi mabungwe atatu: British Council, IDP ya ku Australia, ndi nthambi ya mayeso ya yunivesite ya Cambridge. Aliponso ena otchedwa TOEFL ochokera ku America, amene adayamba mu 1964, koma kumeneko munthu amayankhula ndi kompyuta kudzera pa maikolofoni. Ife tikhazikika pa IELTS poti ndi amene amakumanitsa mwana ndi munthu weniweni, kaya m'chipinda chimodzi kaya kudzera pa kanema wa pakompyuta monga malo ena amachitira. Mayesowa ali ndi magawo anayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Gawo lililonse limapatsidwa malikisi ake, ndipo apamwamba kwambiri ndi 9. Mayunivesite ambiri amafuna 6 kapena 6.5. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku Britain limafuna 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Za anamwino opita kunjazi tili nawo maganizo athu, poti zipatala za kunyanja kuno zikuwafunanso anamwino omwewo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono tifunse, n'chifukwa chiyani mwana amene amalemba chimangirizo chabwino cha Chingerezi amauma pakamwa akafunsidwa funso losavuta ngati lakuti kwanu n'kuti?

Chifukwa choyamba chili m'sukulu mwathu. Mayeso a Chingerezi amene bungwe la MANEB limapereka pa MSCE ndi a cholembera ndi pepala. Palibe tsiku limene mwana amaimirira n'kuyankhula kuti apatsidwe malikisi, motero mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi silabasi amalimbikira zimene zikabwere pa pepala. Sitikuwadzudzula aphunzitsi. Pamene maphunziro aulere a pulayimale adayamba mu 1994, ana m'sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makalasi a ana oposa 100 si chinthu chachilendo m'maboma athu. M'kalasi yotere ana amayankha onse pamodzi ngati kwaya. Mwana angathe kutha chaka chathunthu asadanene yekha chiganizo chimodzi cha Chingerezi chochokera m'mutu mwake. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma lamulo silichepetsa ana m'kalasi.

Chifukwa china ndi mbiri yathu. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri za m'mbali mwa nyanja zidali za mishoni, monga za ku Malindi, kwa Mponda ndi ku Nkhotakota, ndipo agogo athu ambiri adakana kutumizako ana poopa kuti akasiya Chisilamu. Adateteza chipembedzo, ndipo pa chimenecho tiwathokoze. Koma zotsatira zake n'zakuti m'mabanja athu ambiri mwana amene akulemba IELTS lero ndiye woyamba kapena wachiwiri m'mbumba yonse kufika Fomu 4. Alibe malume woti azicheza naye m'Chingerezi madzulo. Kunyumba amayankhula Chiyao kapena Chichewa, kumsika Chichewa, kumadrasa Chiarabu, ndipo Chingerezi chimatsala m'kope. Mwana wotere si mbuli ayi. Ali ndi ziyankhulo zitatu kapena zinayi m'mutu, pamene Azungu ambiri ali ndi chimodzi chokha. Vuto n'lakuti chachinayicho lilime lake silidachizolowere.

Koma chifukwa chimene tikufuna kuti makolo achiganizire mofatsa ndi cha kaleredwe kathu. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno akaitanidwa ndi wamkulu amagwada kapena kunjuta, amayang'ana pansi, amatsitsa mawu, ndipo amayankha mwachidule. Akachulutsa mawu timati ndi wamwano. Akafunsidwa ngati wadya amangoti inde, basi. Ulemu umenewu ndi chuma, ndipo palibe amene akunena kuti tiutaye. Koma tangoganizani mwana ameneyu atakhala kutsogolo kwa woyesa, munthu wamkulu, mwinanso Mzungu, amene wamufunsa ngati amakonda mudzi wa kwawo. Mwanayo mwaulemu wake wonse akuyankha kuti "Yes", n'kukhala chete kudikira funso lina. Woyesa alibe choti ayese. Malikisi amachokera m'mawu amene atuluka pakamwa, ndipo mawu amodzi sangakwane.

Apa pali chinthu chimene chingatonthoze makolo, makamaka a ana aakazi. Woyesa sapereka malikisi pa kuyang'anana m'maso, kavalidwe, kapena kumwetulira. Mtsikana wovala hijabu amene wazolowera kutsitsa maso pamaso pa mwamuna wachilendo sataya kanthu pa chifukwa chimenecho. Chofunika n'chakuti mawu ake amveke, ndipo ayankhe mokwanira. Tisasokoneze haya, manyazi abwino amene chipembedzo chathu chimawatamanda, ndi mantha ongomangitsa lilime. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ankaphunzitsa ndi kuyankha mafunso a maswahaba akuluakulu, ndipo iwo omwe adayamikira amayi a ku Madina kaamba kakuti manyazi sankawaletsa kufunsa za chipembedzo. Mtsikana amene akufotokoza maganizo ake momveka bwino pa mayeso sadachite chosemphana ndi haya.

Zimene woyesa amamvetsera

Kucheza kuja kuli ndi zigawo zitatu. M'chigawo choyamba, cha mphindi 4 kapena 5, woyesa amaona chiphaso n'kufunsa za moyo wa tsiku ndi tsiku: kwanu, banja, sukulu kapena ntchito, zakudya, nyengo. M'chigawo chachiwiri amapereka kakhadi kolembedwa mutu wa nkhani, pensulo ndi pepala. Woyesedwa amapatsidwa mphindi imodzi yokonzekera, kenaka amayankhula yekha mpaka mphindi 2 osadulidwa. M'chigawo chachitatu, cha mphindi 4 kapena 5, awiriwo amakambirana mozama nkhani zogwirizana ndi mutu wa pakhadi uja.

Nthawi yonseyi woyesa amatchera khutu ku zinthu zinayi, ndipo zonse n'zolemera mofanana. Amamvetsera ngati munthu akuyankhula mosadodoma ndiponso ngati mfundo zake zikutsatana bwino. Ngati ali ndi mawu okwanira ofotokozera zimene akufuna. Ngati ziganizo zake n'zomangidwa molondola, zazifupi ndi zazitali zomwe. Ndiponso ngati katchulidwe kake ka mawu kakumveka. Palibe malikisi a nzeru za dziko, ndipo palibe yankho lolondola kapena lolakwika pa maganizo a munthu. Mwana anganene kuti amakonda moyo wa kumudzi kuposa wa m'tauni, woyesa nayenso n'kukhala wokonda tauni, koma zimenezo sizichotsa kanthu.

Anyamata ambiri amaganiza kuti kusadodoma ndiko kuthamanga, ndipo amayankhula ngati wolengeza mpira pa wailesi. Ena amapotoza pakamwa kuti amveke ngati a m'mafilimu a ku America. Zonsezi n'kudzivutitsa chabe. Wothamanga amameza mawu ndipo mpweya umamuthera pakati pa chiganizo. Woyesa safuna kuti Mmalawi amveke ngati wa ku London. Iye amayesa anthu a ku India, Nigeria, China ndi kwina konse, aliyense ndi kamvekedwe ka kwawo. Chimene amafuna n'chakuti amve popanda kuvutika. Kupuma pang'ono pofuna kuganiza mfundo n'kololedwa, aliyense amatero ngakhale m'chiyankhulo cha makolo ake. Chimene chimatsitsa malikisi ndi kuima kawirikawiri pakati pa chiganizo posakasaka mawu, kapena kubwerera m'mbuyo nthawi ndi nthawi kukakonza kalikonse kamene kalakwika. Ukaphonya pang'ono, konza kamodzi ngati n'kotheka, n'kupitirira. Ngati funso silidamveke, kupempha kuti alibwereze si mlandu. Pajatu safunsa adadya phula.

Pa katchulidwe pali malo angapo amene lilime la kwathu limapunthwa, ndipo n'kwabwino kuwadziwa. Kukhutu kwathu "l" ndi "r" ndi chinthu chimodzi. Munthu anene "kulira" kapena "kulila" palibe amene angasokonezeke. M'Chingerezi si choncho. "Pray" ndi kupemphera pamene "play" ndi kusewera, motero Msilamu amene akufuna kuuza woyesa kuti amaswali kasanu patsiku angathe kumuuza kuti amasewera kasanu patsiku. "Rice" ndi mpunga pamene "lice" ndi nsabwe, ndipo wa ku Nkhotakota asamale zimene akunena kuti kwawo amalima. Chinanso n'chakuti mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. N'chifukwa chake "book" tidamusandutsa buku ndipo "school" sukulu. M'Chichewa zimenezi n'zolondola, koma chizolowezicho chikalowa m'Chingerezi mawu aliwonse amamera mchira. Palinso "he" ndi "she". Ife timangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, tsono mwana akamafotokoza za mayi ake amayamba ndi "she", pakati n'kukhala "he", woyesa n'kusowa kuti akunena za mayi kapena za bambo.

Tsono apa ndi pamene mwana wa Chisilamu ali ndi chida chimene anzake ambiri alibe, kungoti sadziwa kuti ali nacho. Mwana amene adakhala pamphasa ya madrasa adaphunzira tajwidi. Mwalimu adamubweza kambirimbiri mpaka atasiyanitsa Raa ndi Laam, zilembo ziwiri zosiyana zotulukira malo akeake. Raa ya Chiarabu siyifanana ndendende ndi "r" ya Chingerezi, koma khutu limene lidaphunzira kumva kusiyanako latha kale theka la ntchito. Mawu a "th" amene amavutitsa Amalawi ambiri, mpaka "three" kumveka ngati "tree" kapena "free", mwana wa madrasa amawatchula tsiku lililonse. Chilembo cha Thaa, chimene nsonga ya lilime imakhudza mano a kutsogolo, ndicho chili mu "think" ndi "three", ndipo Dhaal ndicho chili mu "this" ndi "mother". Mwana yemweyo amadziwa sukuni, kuima pa chilembo popanda kuwonjezera kanthu, ndipo ndi luso lomwelo limene likufunika kuti "book" athere pa "k". Amadziwanso madda, kusiyana kwa kutalikitsa ndi kufupikitsa, kumene kungamuthandize kumva kuti "ship" ndi sitima pamene "sheep" ndi nkhosa. Ife tikuona kuti mwalimu wa madrasa ndi mphunzitsi wa Chingerezi atakhala pansi tsiku limodzi n'kuyerekeza zimene amaphunzitsa, onse awiri angadabwe. Kwa zaka zambiri anthu awiriwa akhala ngati akulimbirana mwana, chonsecho akusula lilime limodzi.

Komabe madrasa yomweyo imatipatsa chizolowezi china chimene pa mayeso awa chingathe kupweteka. Ana athu ndi akatswiri poloweza. Mwana wa zaka 12 amasunga majuzu angapo pamtima osaphonya chilembo, ndipo pa Qur'an yolemekezeka umo ndi momwe ziyenera kukhalira, chifukwa mawu a Allah sasinthidwa. Tsono mwana wotere akamva kuti kuli mayeso oyankhula, nzeru yoyamba imene imamufikira ndi yolemba mayankho n'kuwaloweza. Pa intaneti pali mayankho okonzeratu ambirimbiri, ndipo ena amachita kuwagulitsa. Oyesa adaphunzitsidwa kuzindikira zoloweza. Mawu a munthu woloweza amayenda ngati akuwerenga, maso ali kudenga, ndipo m'chiganizo mumapezeka mawu akuluakulu osagwirizana ndi Chingerezi chimene munthuyo amayankhula mphindi yapitayo. Woyesa akangosintha funso pang'ono, zonse zimagwa. Zoloweza sizipatsidwa malikisi abwino ngakhale zikhale zopanda cholakwa. Luso loloweza ligwiritsidwe ntchito posunga mawu atsopano ndi kagwiritsidwe ntchito kake, osati mayankho athunthu.

Mphindi ziwiri za pakhadi

Chigawo chachiwiri ndicho chimaopsa ambiri, chifukwa mphindi 2 ukuyankhula wekha n'zazitali kuposa momwe zimamvekera. Yesani nokha m'Chichewa chomwechi, wina atagwira wotchi, muone. Mitu ya pakhadi imakhala ya zinthu wamba: munthu wachikulire amene umamulemekeza, ulendo umene sudzauiwala, chikondwerero cha kwanu, luso limene udaphunzira uli mwana. Pansi pa mutuwo pamakhala timfundo titatu kapena tinayi tokutsogolera. Mphindi imodzi yokonzekera ija si yolembera ziganizo ayi, nthawi singakwane. Ndi yolemba mawu amodziamodzi okumbutsa: ndani, kuti, liti, chidachitika n'chiyani, ndidamva bwanji.

Cholakwa chimene timachiona mwa ana a kumudzi n'choganiza kuti moyo wawo si woyenera kukambidwa m'Chingerezi. Akafunsidwa za ulendo, amapeka ulendo wa pandege umene sadaukwerepo, ndipo pakatha masekondi 30 nkhani yatha chifukwa alibe choti akumbukire. Chonsecho mwana yemweyo adakwerapo Ilala, kapena adawolokapo nyanja pabwato mwera utayamba, amayi akuwerenga maduwa onse amene amawadziwa. Adaonapo agogo ake akusoka ukonde. Amadziwa momwe mudzi umakhalira usiku woyembekeza mwezi wa Idi, ana osagona, atelala akusoka mpaka mbandakucha, fungo la mpunga ndi nyama m'mawa mwake. Nkhani zimenezi sizitha m'mphindi 2, ndipo woyesa akamudula pakati asadandaule, n'chizindikiro chakuti nthawi yakwana iye akadali ndi zonena. Munthu sadodoma pa chinthu chimene adachiona ndi maso ake.

Nanga akafika pa mawu amene alibe Chingerezi chake? Palibe Mzungu amene ali ndi dzina la chilimira kapena thobwa. Apa mwana atchule dzina la kwathu lomwelo kenaka afotokoze: kuti chilimira ndi ukonde waukulu umene asodzi amakokera m'mabwato pakati pa nyanja, ndipo usiku amayatsa nyali kuti usipa usonkhane. Kufotokoza chinthu m'njira ina pamene mawu enieni akusowa ndi limodzi mwa maluso amene woyesa amawapatsa malikisi. Motero chimene mwana amachiona ngati umphawi wa mawu chingathe kukhala mwayi wake.

Chigawo chachitatu chimabwereranso ku nkhani ya kaleredwe ija. Mafunso ake amakhala ngati akuti, kodi achinyamata a lero amalemekeza akuluakulu monga kale? Kodi mafoni athandiza kapena aononga mabanja? Apa mwana ayenera kunena maganizo ake, kupereka chifukwa, kuwonjezera chitsanzo, mwinanso kuvomereza kuti ena amaona mosiyana. Nthawi zina woyesa amachita ngati akutsutsa pofuna kuona ngati mwanayo angateteze mfundo yake. Mwana amene kunyumba sadafunsidwepo kuti iwe ukuganiza bwanji amangovomera chilichonse, kapena amasintha maganizo msanga poopa kuti walakwira wamkulu. Luso limeneli si la Chingerezi. Limayambira m'chiyankhulo cha kunyumba. Bambo amene pa chakudya chamadzulo amafunsa mwana wake, m'Chiyao kapena m'Chichewa, chifukwa chimene chambo chikusowera m'nyanja, n'kumumvetsera mpaka amalize, akumukonzekeretsa mayeso a IELTS ngakhale bamboyo sadapondepo m'kalasi.

Izi zikutifikitsa pa zimene banja lingachite. Sitikunena za ndalama. Foni imene ili m'nyumba zambiri lero ili ndi wotchi ndi chojambulira mawu. Mwana asankhe mutu, akonzekere mphindi imodzi, ayankhule mphindi 2 akudzijambula, kenaka amvetsere. Tsiku loyamba adzachita manyazi ndi mawu ake omwe, ndipo adzamva yekha pamene akumeza mawu, pamene "she" wasanduka "he", ndi pamene wangoti "eee" kwa nthawi yaitali. Abwereze mutu womwewo kachiwiri ndi kachitatu. Mayi amene sadziwa Chingerezi angathe kugwira wotchi, ndipo angathe kuona ngati mwana akung'ung'udza kapena akutulutsa mawu. Kuchita zimenezi kotala la ola tsiku lililonse kwa miyezi itatu kumaposa kudzitsekera m'chipinda sabata yomaliza. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Khutu nalonso lidye. Nkhani za m'Chingerezi pa MBC, mapulogalamu a Chingerezi pa Radio Islam, ndi BBC kwa amene amaipeza, zonsezi n'zaulere. Mwana amvetsere nkhani imodzi, atseke wailesi, n'kuifotokoza m'mawu akeake. Nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale yokulungira zinthu, awerenge mokweza ndime imodzi kapena ziwiri. Koposa zonse apeze mnzake. Achinyamata atatu kapena anayi a pamzikiti umodzi angathe kumakumana ikatha Asri, wina n'kukhala woyesa, wina woyesedwa, wina wogwira nthawi, n'kumasinthana. Atsikana nawonso paokha chimodzimodzi. Makomiti a mizikiti amene ali ndi chipinda cha madrasa chongokhala nthawi zina angawabwereke. M'midzi mwathu muli aphunzitsi opuma ntchito ndi abale amene adakhala zaka ku Johannesburg kapena ku Durban, ndipo ambiri mwa iwo angasangalale kupemphedwa kuti adzakhale woyesa tsiku limodzi pamwezi. N'kofunika kuti mwana ayesere pamaso pa munthu wamkulu amene sadamuzolowere, chifukwa mantha enieni ali pamenepo.

Pali zinthu ziwiri zimene tikupempha mabanja kuti asiye. Choyamba ndi kuseka. Mwana akayesa kuyankhula Chingerezi pakhomo, abale ake amayamba kumunena kuti akudzimva, wasanduka Mzungu, ndipo akaphonya mawu amodzi amamutcha dzina limenelo mpaka chaka chithe. Mwana wosekedwa amatseka pakamwa, ndipo pakamwa potsekedwa kunyumba sipatseguka pa mayeso. Chachiwiri chikukhudza atsikana. Mnyamata akaweruka amapeza nthawi yokhala pamsika, kumvera wailesi, ngakhale kucheza ndi alendo odzaona nyanja ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay. Mlongo wake ali kumadzi, kunkhuni, kumoto. Ngati banja lavomera kulipira ndalama zonse zija kuti mtsikana alembe mayeso, livomerenso kumumasula ku ntchito zina kwa miyezi yochepayo. Alongo ake aamuna sangafe chifukwa chotunga madzi.

Tikudziwa kuti alipo akuluakulu ena amene mumtima mwawo akadali ndi nkhawa ya agogo athu ija, yakuti Chingerezi chimachotsa mwana pa dini. Nkhawayi sitikuipeputsa, poti taonapo ana obwera kunja atayiwala Chiyao ndi njira ya kumzikiti yomwe. Koma tikumbukire kuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalamula Zaid bin Thabit kuti aphunzire kulemba ndi kuwerenga chiyankhulo cha Ayuda kuti azimuthandiza pa makalata. Lero International Islamic University Malaysia, imene idakhazikitsidwa mu 1983, imaphunzitsa m'Chingerezi ndi m'Chiarabu, ndipo wofuna kulowa kumeneko amayenera kuonetsa kuti Chingerezi amachitha. Chimene chimasocheretsa mwana ndi kusowa maziko, ndipo maziko amamangidwa kunyumba ndi kumadrasa mwana asadakwere basi. Ife sitikuuza banja lililonse kuti lisiye chiyankhulo chake pakhomo. Kotala la ola la Chingerezi silingaphe Chiyao cha tsiku lonse.

Tichenjezenso za anthu amene amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti angathe kupezera munthu satifiketi ya IELTS popanda kulemba mayeso, kapena kukweza malikisi. Mayunivesite ndi maofesi a ziphaso zolowera m'mayiko amatsimikiza zotsatira kuchokera kwa eni mayeso pa kompyuta, ndipo pepala labodza limagwidwa. Wogwidwa amataya malo, ndipo angathe kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka. Kwa Msilamu nkhaniyi ndi yachidule: chinyengo ndi haramu, ndipo malipiro a ntchito yopezeka ndi pepala labodza munthu adzawayankhira.

Za tsiku lenilenilo n'zochepa. Chiphaso chimene mwana adalembetsera mayeso ndi chomwecho chimene apite nacho, china sachilandira. Foni ndi wotchi ya pamkono sizilowa m'chipinda. Gawo loyankhula lingathe kuchitika tsiku lomwelo ndi magawo enawo kapena tsiku lina lapafupi, motero wochokera kutali monga ku Makanjira kapena ku Namwera aonetsetse masiku ake asadanyamuke, ndipo afike kumzindako dzulo lake kuti agone bwino. Posankha tsiku aganizirenso za Ramadhani ndi nthawi ya Juma, chifukwa kuyankhula kukhosi kuli gwa si chinthu chapafupi. M'mawa wa tsikulo ayankhule Chingerezi ndi wina aliyense kwa mphindi zingapo, kuti lilime lisakayambire m'chipinda cha mayeso. Ndipo asaiwale duwa imene Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, adapempha potumidwa kwa Farawo ali ndi nkhawa ya lilime lake. Ili mu Sura Twaha, ndime 25 mpaka 28, ndipo ana ambiri a madrasa adailoweza kale.

Zotsatira za IELTS zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha, choncho si nzeru kulemba mwana asadadziwe kumene akufuna kupita ndi malikisi amene kumeneko akufuna. Amene sadafikepo amaloledwa kulembanso, koma amalipiranso. Asadatero ayang'ane bwino pepala la zotsatira, chifukwa limaonetsa malikisi a gawo lililonse payekhapayekha. Ngati kuwerenga ndi kulemba zili pa 6.5 koma kuyankhula kuli pa 5, kugula mabuku ena sikuthandiza. Ndalama imeneyo ndi bwino isungidwe, ndipo miyezi yotsatirayo ithere pa wotchi, chojambulira mawu ndi anzake a pamzikiti aja.